Ana tawapatsa katemera, nanga amene poliyo inawapuwalitsa kale?

Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu za anthu amene tinapuwala ndi matenda a poliyo, amene dziko lino limatikumbukira kwambiri pamene likufuna kuopseza makolo kuti apititse ana awo ku katemera.

Ambiri mukukumbukira kuti mu February 2022 boma linalengeza kuti kachilombo ka poliyo kapezeka mwa mtsikana wa zaka zitatu konkuno ku Lilongwe, patadutsa zaka 30 chionekereni matendawa komaliza m'Malawi mu 1992, komanso pasanathe zaka ziwiri bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO litalengeza mu August 2020 kuti Africa yathana ndi poliyo ya mtundu umenewu. Akatswiri anapeza kuti kachilomboko kanali kapachibale ndi kamene kankafala ku Pakistan. Zimene zinatsatira n'zoyenera kuyamikira. Alangizi a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo ku Kawale, ku Mtandire, ku Chinsapo mpaka kumidzi yakutali atanyamula mabokosi ozizira, akudontheza madontho awiri mkamwa mwa ana, kuwapaka inki pachala ndi kulemba choko pazitseko. Mafumu ndi atsogoleri a zipembedzo anamema anthu awo, ndipo mu May 2024 WHO inalengeza kuti mliriwo watha.

Koma mtsikana uja tsopano ndi wamsinkhu wa sukulu. Sindikupempha kuti wina akamusake ndi kamera, ayi. Ndikungofunsa ngati dziko limene linatha kufikira mamiliyoni a ana chifukwa cha iyeyo lakonzeka kumulandira m'kalasi, m'minibasi, ndipo mtsogolo muno pantchito ndi m'banja. Ife amene matendawa anatigwira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tikudziwa njira imene ili patsogolo pake.

Tsankho loyamba limachokera pakusadziwa. Kachilombo ka poliyo kamafala kudzera m'chimbudzi cha munthu amene ali nako, kudzera m'madzi, m'zakudya ndi m'manja mosasamba, ndipo mwa anthu 200 amene kawalowa, pafupifupi mmodzi ndiye amafa ziwalo mpaka kalekale. Pakangopita milungu ingapo kachilomboko kamachoka m'thupi, n'kusiya minyewa imene kawononga. Munthu amene anapuwala zaka zapitazo sangapatsire wina aliyense, nzeru zake zili bwinobwino, angathe kubereka, ndipo ana ake satengera kupuwalako. Komabe mpaka lero mumamva kuti mwanayo analodzedwa, kapena kuti abambo ake anamukhwimira kuti alemere, kapena kuti mayi ake sanasunge mwambo. Nthawi zambiri mlandu umagwera mayi, bambo n'kusamuka pakhomo. Mwanayo akakula n'kupeza womukonda, achibale a mnzakeyo ndi amene amayamba kufunsa kuti adzatunga bwanji madzi kapena adzalima bwanji, ngati kuti banja ndi ganyu. Akuluakulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza, koma mwambiwu timangounena pamaliro ndi pamisonkhano, pofunsira mbeta timauiwala.

Tsankho lina silifuna ngakhale mawu. Pitani kudepoti m'mawa mukaone minibasi ikudutsa munthu wa pa njinga ya olumala chifukwa kondakitala akuti achedwa naye, kapena akumuuza kuti alipirire mipando iwiri, wina wake wina wa njingayo, pamene njingayo ndiyo miyendo yake. Ku Old Town ngalande zambiri n'zosavundikira ndipo tinjira ta oyenda pansi tadzaza malonda, kotero kuti woyendera ndodo amakakamizika kupikisana ndi galimoto ndi akabaza pamsewu. Maofesi ndi masitolo ambiri ali ndi masitepe okhaokha, ndipo pamene anamanga poti njinga ikwere, nthawi zina n'potsetsereka moti simungayerekeze popanda okukankhani awiri.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chimbudzi cha kusukulu. Mwana amene alibe njinga kapena zitsulo zochirikiza miyendo amakwawa, ndipo kukwawa ndiko kuyenda ndi manja. Taganizirani mwana wotere akulowa m'chimbudzi chokumba chimene ana mazanamazana amagwiritsa ntchito, nyengo ya dzinja, popanda pogwira kapena pokhala. Ambiri amasankha kusamwa madzi ndi kusadya phala kuti asafune kupitako, atsikana akatha msinkhu amangosiyiratu sukulu. Pambuyo pake anthu omwewo amene sanamange chimbudzi choyenera amadabwa kuona munthu wamkulu akupempha pamlatho wa Lilongwe, n'kumati anthu aulumali ndi aulesi. Palinso chifundo chonyoza, monga pamene munthu walowa m'sitolo kuti agule, mlonda n'kumuuza kuti lero palibe chopereka, kapena pamene wapita kukapemphera ngati wina aliyense, koma n'kukokeredwa kutsogolo kuti mlaliki aonetsere mphamvu zake, ndipo akapanda kuimirira n'kumuuza kuti chikhulupiriro chake n'chochepa.

Amene amakayikira zimene munthu wopulumuka ku poliyo angachite akumbukire malemu Mayi Rachel Kachaje, amene anadwala poliyo ali ndi zaka zitatu, koma anamenyera ufulu wa amayi aulumali m'Africa monse, ndipo mu 2013 anasankhidwa kukhala nduna yoona za anthu aulumali ndi achikulire. Ndikawakumbukira ndimadzifunsa kuti ndi angati a nzeru ngati zawo amene anathera mu Sitandade 3 chifukwa cha masitepe ndi chimbudzi.

Malamulo tili nawo. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Mu 2009 Malawi inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la za ulumali, ndipo lamulo latsopano la 2024 linasandutsa MACOHA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, kukhala MACODA. Kalembera wa 2018 anapeza kuti munthu mmodzi mwa khumi aliwonse a zaka zisanu kupita mtsogolo ali ndi ulumali. Chimene chikusowa ndi munthu wopita ndi lamulolo pamalo pamene nyumba ikumangidwa, kapena kwa bwana amene wabweza munthu pakhomo atangoona ndodo zake, asanaone n'komwe satifiketi.

Pali nkhani inanso imene simvekamveka ngakhale m'zipatala zing'onozing'ono. Pamene bungwe la Malawi Against Polio linkayamba mu 1979, ana opuwala ndi matendawa anali ochuluka, ndipo anawo lero ali ndi zaka za m'ma 40, 50 kapena 60. Madokotala amadziwa kuti patapita zaka 15 mpaka 40 chidwalireni, ena mwa opulumuka amayambanso kufooka, kutopa msanga ndi kumva kupweteka m'minofu ndi m'mfundo, chifukwa minyewa yotsala, imene yakhala ikugwira ntchito ya inzake imene inafa, imatopa nayonso. Onjezerani mapewa amene anyamula thupi pa ndodo moyo wonse. Munthu wotere akafika kuchipatala kawirikawiri amangouzidwa kuti ndi nyamakazi kapena ukalamba, n'kupatsidwa panado, pamene akufunika kuyezedwa bwino, kuphunzitsidwa kusunga mphamvu ndi kusinthiridwa zipangizo. Kuntchito amamuganizira kuti wayamba ulesi. Ndipo malo opangira ndi kukonza zitsulo za miyendo ali m'mizinda ikuluikulu, pamene mwana amene akukula amafunika zatsopano zakale zikamuthina.

Pempho langa kwa Unduna wa Zaumoyo ndi lakuti alangizi a zaumoyo omwe aja, amene amadziwa khomo lililonse m'dera lawo, apatsidwenso ntchito yolemba anthu opuwala ndi poliyo ndi kuwatumiza kumene angathandizidwe, ndiponso kuti azachipatala aphunzitsidwe za kufooka kobwera pambuyo pake. Khonsolo ya mzinda isavomereze pulani ya sukulu, sitolo kapena tchalitchi imene ilibe polowera njinga ndi chimbudzi choyenera, ndipo eni minibasi alangize makondakitala awo kuti njinga ya munthu salipiritsa. Pa 24 October, tsiku lokumbukira poliyo padziko lonse, okonza mwambo atiitane kudzalankhula za sukulu, ntchito ndi zipangizo, osati kungotijambula miyendo kuti ikhale chenjezo pachikwangwani cha katemera.

Ine wanu,
Wopulumuka ku poliyo,
Area 25, Lilongwe