Tisaiwale minofu ya m'miyendo ndi m'chiuno

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za minofu ya m'miyendo ndi m'chiuno, imene ambirife timaikumbukira pokhapokha mawondo akayamba kuwawa.

Munthu akaona amayi akutsika phiri la Zomba atasenza mtolo wa nkhuni angaganize kuti ntchito yonse ili pakhosi, komatu minofu inayi ya kutsogolo kwa ntchafu ndiyo imagwira bondo kuti lisapindike mwadzidzidzi potsetsereka. N'chifukwa chake ntchafu zimapweteka kwambiri m'mawa mwake munthu akatsika phiri kusiyana ndi akalikwera. Pokwera chitunda kapena podzuka pamphasa, ntchito yaikulu imagwiridwa ndi mnofu wa kumatako, womwe ndi waukulu kuposa minofu ina yonse m'thupi. Akatumba nawonso, kuwonjezera pa kutukula chidendene, amakankha magazi kuti abwerere kumtima tikamayenda.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti ambiri ogwira ntchito m'maofesi amatandala pampando, ndipo ngakhale mtunda waufupi wopita kumsika timakwera njinga yamoto. Minofu yosagwira ntchito imafota, makamaka munthu akamakalamba, ndipo agogo akalephera kudzuka okha kapena akagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, banja lonse limavutika.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, komanso kulimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo. Ndikupempha nyuzipepala yanu kuti ipatse mpata akatswiri a zaumoyo atiphunzitse, ndi zithunzi zomwe, njira yoyenera yonjutira ndi yodzukira pampando popanda kugwira ndi manja.

Wowerenga wanu,
Chinamwali, Zomba