Tikamati Mulungu ndi wabwino, tikutanthauzanji?

A Mkonzi,

Ndikupempha kuti aphunzitsi a zaumulungu asanyalanyaze chiphunzitso cha Thomas Aquinas, katswiri wa zaumulungu wa mpingo wa Katolika yemwe anamwalira mu 1274. Iye anaphunzitsa kuti tikamati Mulungu ndi wabwino ndiponso munthu ndi wabwino, mawuwo satanthauza chimodzimodzi, komanso sasiyana kotheratu, pakuti cholengedwa chimachita kulandira kukhalapo kwake kuchokera kwa Mlengi, pamene Mulungu sanakulandire kwa wina aliyense.

John Duns Scotus, katswiri winanso wa zaumulungu, anatsutsa maganizo otere, ponena kuti popanda tanthauzo limodzi sitingathe n'komwe kulingalira za Mulungu. Nkhawa yakeyo ndi yomveka, komabe ine ndili kumbali ya Aquinas, chifukwa ngakhale msonkhano waukulu wa mabishopu a Katolika womwe unachitikira ku Lateran mumzinda wa Roma mu 1215 unanena kuti kusiyana kwa Mlengi ndi cholengedwa kumaposa kufanana kwawo.

Ine wowerenga wanu,
Zomba