Madzi achuluka m'chiberekero, kodi ndikachirire kumudzi?

Olemekezeka Alangizi,

Ndine Mmalawi wokhala ku Rosettenville mumzinda wa Johannesburg pamodzi ndi amuna anga, ndipo ndili ndi pakati pa masabata 31. Kusikelo anamwino atayeza mimba yanga ndi tepi anati yakula kuposa msinkhu wake. Tonse tinkaganiza kuti ndi mapasa, koma sikani inaonetsa mwana mmodzi wozunguliridwa ndi madzi ochuluka, vuto limene adokotala analemba pakhadi langa kuti polyhydramnios. Anandifotokozera kuti akaphatikiza kuya kwa madziwa m'zigawo zinayi za chiberekero sipayenera kupitirira masentimita 24 kapena 25, koma anga anafika 29.

Mimba yalimba ngati ng'oma ndipo khungu lake likuchita kunyezimira. Usiku ndimagona chokhala nditatsamira mapilo, chifukwa ndikagona chagada ndimabanika, ndipo mapazi atupa moti nsapato sizikulowanso. Anandimwetsa madzi a shuga n'kunditenga magazi, popeza shuga akakwera mwa mayi mwana amakodza kwambiri, ndipo mbali yaikulu ya madziwa ndi mkodzo wa mwanayo. Zotsatira ndikudikirabe. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi chifukwa china chimene anatchula, chakuti nthawi zina mwana amakhala kuti akulephera kumeza madziwo, ngakhale anandilimbitsa mtima kuti kwa amayi ambiri chifukwa sichipezeka ndipo ana amabadwa athanzi.

Apongozi anga ku Balaka akuumirira kuti ndikwere basi ndikachirire kumudzi kumene kuli ondisamalira, ndipo akuti andifunira kale mankhwala achikuda ochepetsa madziwo. Ndikudziwa kuti akutero chifukwa chondikonda, pakuti kuno tili awiriwiri ndipo amuna anga amagwira ntchito usiku. Koma ulendowo ndi wodzera ku Beitbridge, Zimbabwe ndi Tete mpaka kuchipata cha Mwanza, masiku awiri kapena kuposerapo munthu ali pampando, pamene adokotala anandichenjeza kuti nsupa ikhoza kusweka masiku asanakwane, ndipo madzi akatuluka mwamphamvu mchombo wa mwana ukhoza kutsogola, zimene zimafuna opaleshoni nthawi yomweyo. Anatinso chiberekero chikatanuka kwambiri mayi akhoza kutaya magazi ambiri atachira. Maganizo anga ndi oti ndichirire konkuno, pafupi ndi chipatala chimene chikunditsatira kale, ndipo mankhwala opanda muyezo wodziwika sindikufuna kumwa.

Chonde ndithandizeni nzeru. Ndingawakanire bwanji apongozi popanda kuoneka wamwano, komanso popanda kuwadanitsa ndi mwana wawo? Amayi anzanga akutchalitchi akuti ndichepetse kumwa madzi, kodi zimenezi n'zothandiza kapena ndingodzivulaza? Ndikufunanso kudziwa ngati kupopa madziwa ndi singano, kumene adokotala anati angachite phuma likakula, kuli ndi chiopsezo chachikulu kwa mwana.

Ine wanu,
Mayi woda nkhawa,
Johannesburg