Kusunga ndalama kokha sikukwanira

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga olandira malipiro pakutha pa mwezi, makamaka achinyamata amene angoyamba kumene ntchito.

Ambiri amati adzasunga zotsala, koma ndalama sitsala. Ine malipiro akangolowa ndimayamba ndapatula gawo limodzi mwa magawo 10, n'kuliika komwe dzanja silifika msanga. Bajeti ya lendi, thiransipoti ndi zina zapakhomo ndimaikonza pa zotsalazo. Ndilinso ndi kope lolembamo chilichonse chimene ndagula, ngakhale mayunitsi a foni. Talembani mwezi umodzi wokha, muona nokha komwe ndalama zanu zimathawira.

Koma chandilembetsa kalatayi ndi china. Zimandimvetsa chisoni kuona munthu akudzimana zaka ndi zaka, ndalama yake n'kumatha mphamvu iye osadziwa. Mitengo ya zinthu ikamakwera ndi 12 peresenti pachaka, banki n'kumakupatsani chiwongoladzanja cha 4 peresenti, nambala ya mu akaunti imakula ndithu, koma zomwe mungagule nayo zimachepa. Pali kawerengedwe kosavuta: gawani 72 ndi peresentiyo. Pa 12 peresenti yankho ndi 6, kutanthauza kuti pakatha zaka pafupifupi 6, ndalama yobisa pansi pa matiresi idzagula theka la zomwe ikugula lero. Kawerengedwe komweka kakhozanso kukukomerani. Ndalama yopindula 12 peresenti pachaka, mukapanda kudya phindulo, imawirikiza kawiri m'zaka 6, ndipo kanayi m'zaka 12. N'chifukwa chake woyamba kusunga ali ndi zaka 25 amamusiya kutali woyamba ali ndi zaka 40.

Ndalama yothandiza pa zadzidzidzi, yokwana kukhalira miyezi itatu ntchito itatha, ikhale poti mutha kuitenga tsiku lomwelo. Inayo ikagwire ntchito: kubwereketsa boma kudzera m'ma treasury bill, kugula masheya (magawo a umwini wa kampani), kapena kuwonjezera ku penshoni. Masheya amakwera ndi kutsika, choncho musaikeko fizi ya mwana yofunika chaka chamawa. Ngati muli ndi ngongole ya katapila, yambani mwabweza imeneyo, pakuti palibe sheya ingathamange kuposa chiwongoladzanja chake. Ndipo wokulonjezani kuti ndalama yanu iwirikiza m'mwezi umodzi, muthaweni.

Pempho langa kwa inu akonzi ndi lakuti pa tsamba la zachuma muzisindikiza chiwongoladzanja cha mabanki pambali penipeni pa mlingo wa kukwera kwa mitengo, kuti wowerenga aziyerekeza yekha asanasankhe koika ndalama yake.

Ine wowerenga wanu wokhulupirika