Munangozimitsa nyale, airbag munaisiya yakufa

Bwana mwini galaja imene inakonza galimoto yanga masabata awiri apitawa, ndakuimbirani kangapo, mauthenga anga mukuwerenga koma osayankha. N'chifukwa chake ndalemba pano poyera.

Ndinabwera kwa inu chifukwa nyale ya airbag (thumba limene limatukumuka pa ngozi kuti liteteze dalaivala) pa dashibodi sinkazima, komanso hutala inkangolira mwa apo ndi apo. Makaniko wanu atalumikiza makina ake anati vuto ndi clock spring, kachingwe kaphanthiphanthi kokulungidwa kuseri kwa chiwongolero, kamene kamachititsa kuti chiwongolero chizizungulira popanda kudula mawaya a airbag ndi a hutala. Galimotoyi ndi ya 2004, ndipo kachingweka kamathadi ndi kupindikapindika kwa zaka zambiri, choncho sindinatsutse. Ndinalipira clock spring yatsopano pamodzi ndi ntchito yake. Lisiti ndili nalo, ndipo palembedwa zomwezo.

Potenga galimoto, nyale inkachita zoyenera: kuyaka masekondi ochepa ndikatembenuza kiyi, kenako n'kuzima. Ndinakuthokozani ndi mtima wonse. Tsiku lachitatu mwana anadumphira mumsewu patsogolo panga, ndinasindikiza hutala, koma kuli zii. Anatipulumutsa ndi mabuleki.

Apa m'pamene ndinapita kwa katswiri wina wa zamagetsi a galimoto. Anamasula batire, n'kudikira mphindi zingapo kuti magetsi otsalira athe, kenako anatsegula chivundikiro cha pansi pa chiwongolero ine ndili pomwepo. Clock spring inali yakale yomwe ija, ndi fumbi lake lomwe. Pulagi yachikasu ya airbag inali yozula, m'menemo mwatsomekedwa ka resistor (kachipangizo kochepetsa kayendedwe ka magetsi) komangidwa ndi tepi yakuda.

Inu mukudziwa bwino tanthauzo la zimenezi, koma ndifotokoze kuti ena amene akuwerenga amve. Kompyuta ya galimoto imadziwa kuti airbag ndi yolumikizidwa poyeza mawaya ake, ndipo imayembekezera kupeza ma ohm awiri kapena atatu (ohm ndi muyeso wa mmene chinthu chimatchingira magetsi). Mukaikapo resistor ya mlingo womwewo, kompyuta imaona ngati zonse zili bwino ndipo imazimitsa nyale. Koma ngozi itachitika, magetsi oti akatukumule airbag angathere mu ka resistor kaja, dalaivala n'kumenyetsa nkhope ndi chifuwa pachiwongolero. Amakaniko amagwiritsa ntchito resistor poyesa kuti apeze pamene pali vuto, akatha amachotsa. Si chinthu chosiya m'galimoto ya munthu n'kumuuza kuti mwakonza.

Za ndalama zikundiwawa, inde, koma chimene chikundisowetsa tulo n'china. Nyale ija ili yoyaka, ndinkadziwa kuti ndikuyenda wopanda chitetezo, ndipo ndinkasamala. Inu munandichotsera chenjezo lokhalo limene ndinali nalo. Mayi a kunyumba akhala akuyendetsa galimoto imeneyi m'mawa uliwonse kukasiya ana kusukulu, ine ndi amene ndinawauza kuti airbag yakonzedwa, asade nkhawa. Bodza lanu ndinalifikitsa kunyumba kwanga ndi pakamwa panga.

Mundibwezere ndalama zonse, kapena muike clock spring imene ndinalipira ine ndikuona, kuyambira poitulutsa m'paketi. Matayala akhale owongoka ndipo clock spring ikhale pakatikati poimanga, chifukwa ikapendekera mbali imodzi imaduka tsiku lomwelo munthu akakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto. Mukatha mufufute ndi makina code ya vutoli imene kompyuta inasunga, ndipo hutala ilire chiwongolero chili kumanzere ndi kumanja komwe. Ndikupemphanso kuti muitane ena onse amene makaniko ameneyu anawazimitsira nyale ya airbag, muone zimene zili kuseri kwa ziwongolero zawo.

Ka resistor kaja ndakasunga pamodzi ndi zithunzi. Mundiyankhe pano pofika Lachisanu, apo ayi ndikatula nkhaniyi ku bungwe loteteza ogula.