Za kusintha class ya Date mu Ruby

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku London konko. Ndalingalira mofatsa za funso lanu lija, loti mungatani kuti Date (class yosunga tsiku) ndi Time (class yosunga nthawi) ziziyerekezedwa mu pulogalamu yanu popanda Ruby, chinenero cholembera mapulogalamu chija, kukana ndi uthenga wa vuto wotchedwa ArgumentError, ndipo maganizo anga ndi akuti musakhudze `<=>` ya Date, method imene imayerekeza zinthu ziwiri.

Ndikumvetsa chimene chikukukopani. Ruby imalola munthu kutsegulanso class iliyonse n'kulembamo method yatsopano, ndipo popeza Date imagwiritsa ntchito module ya Comparable, mukangosintha `<=>` basi, `<`, `>` ndi `between?` zonse zimatsatira. Koma kusinthako sikuthera mu fayilo yanu yokha, kumafika ku gem (code yolembedwa ndi anthu ena) iliyonse imene pulogalamuyo yatenga, ngakhale amene analemba gem imeneyo sanayembekezere zotere.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kusiyana kwa nthawi pakati pa mayiko. Date ilibe ola, choncho kuti muiyerekeze ndi Time muyenera kusankha kuti tsikulo likuyamba pakati pa usiku wa kuti. ActiveSupport, gem ya Rails (chida chopangira mawebusayiti mu Ruby), inasintha kale `<=>` imeneyi, ndipo imasandutsa tsikulo kukhala pakati pa usiku wa UTC, nthawi imene mayiko onse amayezerapo nthawi zawo. Tsono taganizirani za malipiro amene achitika ku Lilongwe 1 koloko usiku pa 5 Malichi. Ife tili patsogolo pa UTC ndi maola awiri, ndiye kuti ku UTC nthawiyo ikadali 11 koloko usiku pa 4 Malichi, ndipo kompyuta idzanena kuti malipirowo anachitika tsiku la 5 lisanafike. Wowerenga code sangaone vutoli, chifukwa chimene akuona ndi kachizindikiro ka `<` kokha.

Mwina mukuganizira za refinements, njira zosinthira class m'malo osankhidwa okha, zimene zinakhazikika mu Ruby 2.1 m'chaka cha 2013. N'zabwinoko ndithu chifukwa zimagwira ntchito pokhapo pamene mwalemba `using`, koma chenjerani, `sort` ndi ma method a Comparable amaitana `<=>` yakale ija, osati yanuyo.

Langizo langa n'lakuti mulembe method ya dzina lomveka bwino, yolandira deti, nthawi ndi time zone poyera, kenaka musandutse Time kukhala Date ya dera limene makasitomala anu ali musanayerekeze. Muikenso test ya maola oyandikira pakati pa usiku, makamaka kumapeto kwa Malichi ndi Okutobala pamene mawotchi a ku London amasinthidwa.

Mukalemba, munditumizire ndidzaone. Moni kwa onse a kunyumba.

Ndine mnzanu wa ku Lilongwe.