Uziphunzitsa mayi wake, osati mwana yekha

Mwana wanga,

Landira moni wochokera kuno ku Matero. Tonse tili bwino.

Mchemwali wako wandiuza kuti masiku ano kuntchito akukupatsa ana ambiri a autism (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limachititsa mwana kuvutika kulankhulana ndi kucheza ndi anthu) ndi ena ochedwa kulankhula, ndipo ukafika kunyumba umangodziponya pampando. Ndati ndikulembere, poti pafoni umangoti "ndili bwino amayi" basi.

Nkhani yanga ndi iyi. Mwana umamuona ola limodzi pa sabata. Masiku ena onse amakhala ndi mayi wake kapena agogo ake m'chipinda chimodzi ku Kanyama. Unandifotokozera kuti ku UNZA, yunivesite ya Zambia, anakuphunzitsani kuyamba mwafufuza chimene chimachitika mwana asanayambe kudzimenyetsa mutu kukhoma, ndi chimene amapeza akatero. Chabwino, koma wofufuza weniweni ndi mayiyo. Ndi iye angaone kuti mwana amakuwa magetsi akathima, jenereta ya oyandikana nawo ikayamba kulira, kapena nsima ikachedwa. Mufunse, umumvere mpaka amalize. Ndipo umuphunzitse ndi zimene ali nazo pakhomo: zotsekera mabotolo, supuni, chithunzi cha kapu chodula pa katoni choti mwana aziloza akafuna madzi m'malo mogwetsa ndowa. Akaloza, madziwo apatsidwe pomwepo, osati "dikira ndimalize kuchapa". Zidole zodula za ku ofesi kwanu sizifika ku komboni.

Mayiyo akakuuza kuti anayamba wapita kwa sing'anga kapena kwa aneneri, usamuseke, ngakhale ndi maso. Anthu amuuza kale kuti ndi ufiti, apongozi amuloza chala, mwina ndi mwamuna anachoka. Ukamunyoza sabweranso, ndipo wovutika ndi mwanayo. Komanso usalonjeze kuti adzachira. Tchula zimene mungazikwanitse limodzi: kudya yekha, kupita kuchimbudzi, kukhala m'kalasi osathawa.

Lamulo la anthu aulumali la 2012 limati mwana wotere ali ndi ufulu wophunzira ngati anzake, koma amayi ambiri sanamvepo. Uwauze za kulembetsa ku ZAPD, bungwe la boma loona za anthu aulumali, kuti mwana akhale ndi khadi, ndiponso kuti pa Social Cash Transfer, ndalama zimene boma limapereka kwa mabanja ovutika, banja lokhala ndi munthu wolumala kwambiri limalandira zochulukirapo. Ndikudziwa kuti izi si zimene anakulembera ntchito. Koma kaya mayi abweranso Lachiwiri kaya ayi, nthawi zambiri zimatengera ndalama ya minibasi.

Chinanso, ndipo apa mwina akuluakulu ako sangagwirizane nane: mwana akamakupiza manja kapena kudzigwedeza osavulaza munthu, msiye. Mwina ndi mmene amakhazikitsira mtima pansi. Mphamvu zako uziike pa zimene zikumupweteka.

Loweruka ubwere udzadye kuno, ndagula kapenta wa ku Siavonga. Mabuku a ntchito uwasiye kunyumba kwako.

Ndine,
Amayi ako